Timba wa m'tchire mwathu muno, mungamuzindikire bwanji nanga amakhala motani

Dzina la timba aliyense amalidziwa, koma mutamuuza munthu kuti tandilozera timba pa mpanda apo, ambiri amangoloza kambalame kalikonse kakang'ono kotuwa basi, kaya ndi mpheta yaikazi, kaya ndi tchete amene wavula nthenga zake zachikasu nthawi ya chilimwe, zonsezo akuti timba. Nde ndati ndilembeko mmene mungamusiyanitsire, makamaka inu a kuno ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka kutsetserekera ku Moatize ndi ku Tete kotentha kuja, chifukwa kambalameka kali paliponse, kuseri kwa khola, m'mphepete mwa dimba, mu deliya wa pa mpanda, koma timangokadutsa ngati kulibe.

Yambani ndi khutu, maso abwere pambuyo. Tizimbalame ta m'zitsamba timakhala tobisala nthawi zambiri ndipo mtundu wa nthenga zawo ndi wofanana kwambiri, khaki yemweyo, phulusa lomwelo, moti mukadalira mtundu mudzangotopa nazo. Koma kulira sikunama. Timba amene ndikunena pano, wa mchira wautali uja, amalira mawu amodzimodzi mobwereza osasintha, tsip tsip tsip tsip, mwina tsrit tsrit tsrit, mofulumira komanso mokweza kuposa msinkhu wake, ndipo akhoza kulira chonchi kwa nthawi ndithu ali pa kanthambi kamodzi komweko. Akadzidzimuka kapena akakwiya mawu amasintha, amakhala okokera ngati akudandaula, tswii tswii. Mukangomva zimenezi imani pompo, musapite kumene kukuchokera mawuko, mungoyang'ana pamwamba pa udzu wautali kapena pa nsonga ya chitsamba, sachedwa kutulukira yekha chifukwa ndi kambalame kachidwi, kamafuna kaone kuti wabwerayo ndani.

Akatulukira, chinthu choyamba kuyang'ana ndi mlomo. Apa mpamene mumachotsera mpheta zonse ndi atchete onse nthawi imodzi. Mbalame zodya njere zili ndi mlomo waufupi wonenepa, woswera mapira ndi njere za udzu. Timba mlomo wake ndi wowonda, wosongoka, wotolera tizilombo, ndipo nthawi ya dzinja umada bii pomwe m'chilimwe umatuwirako. Mukaona mlomo wonenepa ingodziwani kuti si iyeyo, musavutike n'kuyang'ana zina.

Kenako mchira, ndipo kwa ine ichi ndiye chizindikiro chachikulu. Thupi lonse kuyambira kumlomo mpaka kunsonga ya mchira ndi masentimita 11 mpaka 13, koma pafupifupi theka lake ndi mchira wokhawokha, wowonda, nthenga zapakati zazitali ndipo zam'mbali zimanka zifupikira. Saukhazika pansi mchirawo ayi, amautukula m'mwamba n'kumaugwedeza uku ndi uku, nthawi zina mpaka kuoneka ngati ungothothoka. Akamauluka kuchoka pa chitsamba china kupita pa china amauluka motsika, modumphadumpha, mchira ukulendewera kumbuyo, ndipo sapita patali, mamita ochepa chabe walowanso m'masamba. Kulemera kwake kumangozungulira magalamu 10 basi.

Mukakhala ndi mwayi woti waima pafupi, onani kumaso. Ali ndi kamzere koyera pamwamba pa diso, nsidze yeniyeni, ndi kamzere kena kakuda kodutsa pa diso penipenipo. Msana ndi wosalala wa khaki wotuwira, wopanda mizeremizere, gwirani mawu amenewa chifukwa tiwafunanso kutsogoloku. Pakhosi ndi pamimba ndi poyera, koma m'mbali cha mu nthiti muli kofiirira pang'ono ngati dothi la katondo losungunuka, ndipo nthenga za m'mapiko zili ndi m'mphepete mofiirira. Miyendo ndi yaitali poyerekeza ndi thupi, yotuwa mofiirira. Wamwamuna ndi wamkazi simungawasiyanitse ndi maso, amafanana. Amene mukufuna kukafufuza zithunzi pa intaneti lembani Prinia subflava, kapena tawny-flanked prinia, mudzamuona yemweyu.

Tsopano vuto lili apa, pali abale ake angapo amene nawonso anthu amangowatcha timba ndipo amakhala malo oyandikana. Mukatsika phiri kulowera ku Moatize, Changara, kapena cha ku Cahora Bassa kumene kuli minga, mithethe, masawu ndi malambe, amene mudzamumve kwambiri ndi wina wokulirapo, masentimita 14 mpaka 16, dzina la m'mabuku Cisticola chiniana. Ameneyu sabisala kwenikweni, wamwamuna amakwera pa nsonga penipeni pa chitsamba cha minga n'kumalira tchi tchi tchi trrrrr, mawu awiri kapena atatu oyamba kenako n'kumalizira ndi kunjenjemera kuja, ndipo chomalizira chimenechi amachisinthasintha koma chiyambi chimakhala chomwecho. Olo dzuwa la Okotobala la ku Tete lija lofika madigiri 40, mudzamupeza akulirabe pomwe mbalame zina zonse zakhala chete pa mthunzi. Kumusiyanitsa kwake n'kosavuta mukadziwa poyang'ana: msana wake uli ndi mizeremizere yakuda, pamutu pali pofiirira, nsidze yoyera ija siioneka bwino, ndipo mchira ndi wofupikirapo komanso wotambalala. Ameneyu ndi waukali pakamwa, mukayandikira malo ake amakutsatirani chitsamba ndi chitsamba akukalipa tchee tchee tchee mpaka mutachoka.

M'madambo ndi m'minda yopanda mitengo muli kena kakang'ono zedi ka mchira waufupi, Cisticola juncidis, kameneka simukapeza pa chitsamba koma m'mwamba, kamauluka mokwera ndi kutsika, ndipo pa kukwera kulikonse kamati zit, zit, zit, pafupifupi kamodzi pa sekondi. Mukamva zit zit pamwamba pa mutu wanu pa dambo nthawi ya mvula koma osaona kanthu, ndi kameneko. M'bango ndi mu nsenjere m'mphepete mwa mtsinje muli winanso wa msana wosalala ngati timba wathu, Cisticola erythrops, koma iye nkhope yake ndi yofiirira, nsidze yoyera alibe, ndipo kulira kwake n'kokweza kwambiri, malikhweru otsatizana. Kenako pali kamene kamakhala mkati mwa zitsamba zowirira, kotuwa kumsana, mapiko obiriwira, kamatukulanso mchira koma waufupi, kakadzidzimuka kamalira mee mee ngati kamwana ka mbuzi kosochera. Ndipo mukaona kena kooneka ngati kaduka mchira, ka mlomo wautali wokhota pang'ono, kakufufuza m'nthambi za mtengo, sikanadulidwe ndi legeni ayi, kanabadwa choncho, ndi mtundu wina.

Mwachidule kafunseni mafunso atatu kambalame kalikonse: mlomo wowonda kapena wonenepa, msana wosalala kapena wa mizere, mchira wautali wogwedezeka kapena waufupi. Zikakhala wowonda, wosalala, wautali, ndi nsidze yoyera pamwamba, mwamupeza.

Nthawi yabwino yomuonera ndi m'mamawa dzuwa likangotuluka mpaka cha m'ma 8, mame asanaume, kenako madzulo dzuwa likapendeka. Kuno kumtunda mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri moti mbalame zimachedwa kuyamba, zimayamba zaothera dzuwa pamwamba pa zitsamba, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino chifukwa zimakhala phee osathamangathamanga. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, osati kumaso, apo ayi mudzangoona kachithunzithunzi kakuda. Malaya oyera mbee kapena ofiira asiyeni kunyumba. Magalasi oonera patali ngati muli nawo zili bwino, koma ine sindiona kuti ndi ofunika kwenikweni pa timba, chifukwa mukakhala pansi osagwedezeka amabwera yekha mpaka mamita atatu kapena anayi. Pali kanjira kena komuitanira, mumangoti psh psh psh psh ndi milomo motsitsa, kangapo, kenako n'kukhala chete, amatuluka kudzaona chimene chikuchitika mchira uli m'mwamba. Musachite kunyanya nazo, mukabwereza kwambiri amazindikira kuti palibe nkhani n'kukusiyani.

Foni ikhoza kukuthandizani, koma pa kujambula mawu osati zithunzi, kamera ya foni pa kambalame kotere mudzangojambula masamba. Tsegulani chojambulira mawu, lozetsani kumunsi kwa foni kumene kuli maikolofoni kumbali imene akulira, jambulani masekondi 30 muli chete osapondaponda udzu, kumapeto nenani malo ndi tsiku kuti musadzaiwale. Mukapeza netiweki ndi timamega pang'ono, pa webusaiti ya xeno-canto pali mawu a mbalame ojambulidwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana, mumalemba dzina la m'mabuku lija n'kufananiza ndi zanuzo. Palinso apu yaulere ya Merlin, yopangidwa ndi a Cornell Lab of Ornithology ku America, ili ndi zithunzi ndi mawu. Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi choliza mawu a mbalame pa sipika pafupi ndi chisa kuti ituluke, yamphongo imaganiza kuti kwabwera mdani wolanda malo nde imasiya kudyetsa ana n'kumalimbana ndi foni yanu.

Za makhalidwe ake, timba samasamuka ngati anamzeze ena amene amabwera ndi mvula n'kuchokanso. Amakhala dera lomwelo chaka chonse, awiriawiri, ndipo ana akatuluka m'chisa mumawaona kagulu ka anayi kapena asanu akutsatana m'zitsamba. Sakonda nkhalango yowirira, sakondanso poyera penipeni, amafuna pamene udzu wautali wasakanikirana ndi tizitsamba, nde malire a minda, tsala, m'mphepete mwa msewu, m'mbali mwa khwawa, ndiwo malo ake. Chakudya chake ndi tizilombo, timbozi, tiziwala tating'ono, tizikumbu, ntchentche, akangaude, ndi inswa zikatuluka mvula yoyamba. Amasaka tsamba ndi tsamba, kuyang'ana pansi pa tsamba ndi pamwamba pomwe, nthawi zina kutsikira pansi. Nde alimi a mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba kuno ku Ulongwe ndi ku Domwe, ameneyu si wakuba, chimanga kapena mapira sakhudza n'komwe, mlomo wakewo sungathe. Anyamata a legeni auzeni zimenezi, komanso kunena zoona nyama yake ndi yotani pa magalamu 10, nthenga zokhazokha.

China chimene ndimamukondera n'choti ndi mlonda. Akaona njoka, mphaka kapena kadzidzi wobisala amayamba phokoso losalekeza, anzake n'kubwera, apumbwa nawo n'kulowerera, onse kuyang'ana malo amodzi. Mukaona zotere pa mpanda kapena pa mulu wa mapesi musangolowetsa dzanja, yambani mwayang'ana bwinobwino pamene mbalamezo zalozetsa milomo.

Kuswana kwake ndi nthawi ya dzinja, mvula ikakhazikika udzu n'kukula, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo. Chisa chake ndi ntchito yaluso zedi. Amang'amba udzu wauwisi kukhala timizere topyapyala, n'kuluka kathumba kozungulira kotalikirako, khomo lili chakumwamba cham'mbali, ndipo amakalumikiza ku masamba ndi timitengo ta chitsamba kapena udzu wolimba moti mphepo ikawomba chisa chimangoyenda limodzi ndi chitsambacho osagwa. Chikakhala chatsopano chimakhala chobiriwira, simungachione olo mutaima pafupi, pakapita masiku chimauma n'kusanduka khaki. Kawirikawiri chimakhala pakati pa bondo ndi chifuwa cha munthu wamkulu. Wa mizere pamsana wa ku minga uja chake chimasiyana, amamanga chozungulira cha udzu wouma pansi kwambiri mkati mwa chitsamba kapena tsinde la udzu, n'kumanga ndi ulusi wa kangaude. Mazira a timba amakhala 2 mpaka 5, kawirikawiri 3 kapena 4, amawakhalira pafupifupi milungu iwiri, ndipo ana amakhala m'chisa milungu inanso iwiri kapena kuposerako pang'ono, makolo onse awiri akuwatutira chakudya.

Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake, ndipo nkhani ya mazirawa ndi imene ine imandisangalatsa kuposa zonse. Mukaona zisa zingapo za timba mudzadabwa kuti mazira sakufanana, chisa china ndi oyera, china obiriwira motuwa ngati mtambo, china ofiirira, china obiriwira ngati tsamba lofota, ndipo onse ali ndi madontho ndi timizere topyapyala tokhotakhota ngati wina amayesera cholembera. Si mitundu yosiyana ya mbalame ayi, ndi timba yemweyo, kungoti wamkazi aliyense ali ndi kalembedwe kakekake ka mazira ndipo amaikira otero moyo wake wonse. Chifukwa chake ndi ichi: pali kambalame kena ka m'madambo, pa Chingerezi cuckoo finch, dzina la m'mabuku Anomalospiza imberbis, kamphongo kachikasu ka mlomo wakuda wonenepa, kakakazi kotuwa ka mizeremizere kongofanana ndi mpheta. Kameneka sikamanga chisa. Kakakazi kamazembera chisa cha timba mwini wake atachoka, n'kuchotsamo dzira n'kuikiramo lake, ndipo dzira lakelo limatengera mtundu wa mazira a timba. Likaswa, mwana wachilendoyo amakula msanga, amalira kwambiri popempha chakudya, nde makolo amangodyetsa iyeyo mpaka ana enieni a timba nthawi zambiri amafa ndi njala. Timba amatha milungu ingapo akulera mwana wa eni.

Nde kusiyanasiyana kwa mazira kuja ndi chitetezo. Timba amadziwa maonekedwe a mazira ake, akapeza lina losiyana mtundu kapena madontho amalibowola n'kulitaya kunja. Wakubayo sangathe kutengera kalembedwe ka timba aliyense, amangoikira mwamwayi, pena zimagwirizana pena ayi. Zimenezi anazifufuza kwa zaka zambiri kwa anansi athu ku Zambia, m'boma la Choma, motsogozedwa ndi Claire Spottiswoode wa ku yunivesite za Cambridge ndi Cape Town, pamodzi ndi anthu a m'mafamu a kumeneko amene ndi akatswiri opeza zisa. Ankasinthanitsa mazira m'zisa n'kuona kuti timba ataya liti, asunga liti. Anapeza kuti timizere topyapyala tija wakubayo amalephera kutitengera bwino, kuti mazira obiriwira ngati tsamba lofota aja satha kuwapanga, komanso kuti nthawi zina amaikira mazira angapo m'chisa chimodzi kuti mwini chisa asokonezeke asadziwe kuti ake ndi ati. Wa mizere pamsana uja, Cisticola chiniana, anapezeka kuti ndi wochenjera kwambiri pozindikira dzira lachilendo moti kumeneko wakubayo samuikiranso. Mayi yemweyu ndi amene anachitanso kafukufuku kuno kwathu ku Mozambique, ku Niassa, pa nsadzu, mbalame ija imalozera anthu njuchi, ndi momwe imamverera kuitana kwa Ayao ofula uchi, zotsatira zake zinatuluka mu 2016.

Kupeza chisa sikufuna kufufuza chitsamba ndi chitsamba, mukatero mumangophwanya udzu n'kutsegulira njira agalu ndi amphaka. Khalani patali, onani timba amene wanyamula kaudzu kobiriwira kapena kambozi kukamwa osameza, ameneyo akupita kunyumba. Sapita molunjika, amaima apa, amaima apo, akuyang'ana inu, ndipo ngati muli pafupi kwambiri amangozungulira akulira chakudya chili kukamwa osalowa, apo bwererani m'mbuyo masitepe angapo mukhale pansi. Akalowa n'kutuluka kukamwa kulibe kanthu, mwadziwa pamene pali chisa. Mukafuna kusuzumira dikirani makolo achoke okha, yang'anani mwachangu osagwira, osathyola masamba ophimba, ndipo pochoka musabwerere njira yomwe munadzera kuti pasapangike kanjira kothera pa chisa. Zoti mbalame imanunkhiza dzanja la munthu n'kusiya mazira si vuto lenileni, vuto ndi loti mukachedwa pamenepo mazira amazizira kapena kupsa ndi dzuwa, komanso akhwangwala amaonerera zimene munthu akuchita. Mukaona m'chisa muli mwana mmodzi wamkulu wa mlomo wonenepa wosafanana ndi makolo, ndi mlendo uja, musiyeni, imeneyo ndi nkhondo yawo yakalekale.

Zisa zambiri zimaonongeka nthawi yopalira ndi kutchetcha m'malire mwa munda mu Januwale ndi Febuluwale. Ngati mwachiona chisanagwe, siyani chitsamba chimenecho ndi udzu wozungulira sitepe imodzi mbali zonse, pakatha mwezi ana amakhala atauluka ndipo mukhoza kudzatchetcha. Chikagwa kale ndi zenga koma muli ana, chimangirireni ndi luzi pa chitsamba chapafupi pa msinkhu womwewo pamthunzi, makolo nthawi zambiri amatsatira kulira kwa ana n'kupitiriza kudyetsa, koma mazira okhaokha kawirikawiri amawasiya n'kukamanga china.

M'chilimwe zinthu zimasintha pang'ono ndipo ena amaganiza kuti ndi mbalame ina. Nthenga zimafiirirako, mchira umatalika kuposa wa dzinja, mlomo umatuwa, ndipo salira kwambiri chifukwa palibe malo oti alimbirane. Tchire likapsa mu Ogasiti ndi Seputembala, anthu akusaka mbewa, pa lupsa simumupezapo chifukwa palibe pobisala, nde mufuneni kumene kwatsala zobiriwira, m'madimba, m'bango, m'mbali mwa zitsime, ndipo amene muli cha ku Moatize yendani m'mphepete mwa Revúbuè m'mamawa, timagulu tawo timakhala tadzaza m'zitsamba za m'mbali mwa madzi mpaka mvula yoyamba itagwa.